Chitseko cha Eni Mvita

Mombasa, 9 Epulo 1984

Okondedwa achemwali a Mwanasiti,

Kalata yanu ya pa 21 Malichi yafika dzulo, ndipo ndinaiwerenga mokweza titatha mapemphero a masana. Analipo amayi, ine, ndi Bi Rukiya wa nyumba yoyandikana nafe, amene anabwera kudzabwereka sefa koma ataipeza sanachoke.

Kuno tili bwino. Miyendo ya amayi ikutupabe madzulo, koma pakamwa pali bwinobwino. Ine ndikadali pa sikelo kusitolo ya zokometsera ndiwo ija. Mvula yayamba. Mupereke moni kwa alamu a Hamud ndi kwa mwana wanu Zuwena.

Tsopano za pempho lanu. Mwalemba kuti ndiyeze chitseko chakumaso cha nyumba yathu, m'litali ndi m'lifupi, ndiwerenge misomali yake yamkuwa, ndiponso ndichijambulitse. Chifukwa chake simunalembe. Ndinatembenuza pepalalo poganiza kuti chili kuseri, koma kuseriko kunali moni wa Zuwena yekha.

Amayi anati ndibwereze ndime imeneyo. Nditabwereza anati, "Munthu amamuyeza akafuna kumusokera malaya kapena kumukumbira manda. Chitseko changa akufuna kuchisokera chiyani?"

Bi Rukiya anati, "Akuti ku Maskati masiku ano zitseko zathu akuzigoneka m'mahotela, Bi Shumi, anthu n'kumadyerapo ngati tebulo."

"Sefa ija mwaipeza, Bi Rukiya?" anatero amayi.

Musandimve molakwa, achemwali. Koma mumsewu wathu uno zitseko zosema zatsala zitatu zokha, zina zonse zinakwera zombo. Kassamali wogula zakale uja wabwera kawiri chaka chino. Amasisita mphuthu za chitseko chathu monga amachitira munthu wogula mbuzi. Ndinamukana mwaulemu maulendo onse awiri. Ndiye kalata ikabwera kuchokera kutsidya la nyanja yofunsa zomwezomwe amafunsa Kassamali, mtima umayamba waima kaye.

Tepi yoyezera ndili nayo. Ndidikira yankho lanu.

Ndine mlongo wanu,
Mwidani Kombo

Maskati, 27 Epulo 1984

Iwe Mwidani,

Moni kwa amayi ndi kwa iwe. Ife tili bwino, kungoti dzuwa lakuno likutiwamba.

Chikhalidwe chako sichinasinthe. Munthu akakupempha madzi umayamba wamufunsa kuti ludzu walitenga kuti. Chabwino, imva, koma Bi Rukiya asamve, chifukwa akamva iye ndiye kuti amva ndi a pamsika wa nsomba omwe.

Zuwena wapeza womufunsira. Dzina lake ndi Talib, mnyamata wofatsa, wa ntchito yabwino, ndipo mtsikanayo akamva dzinalo amagwetsa mbale. Vuto ndi kwawo kwa mnyamatayo. Ife obwera kuchokera kugombe kwathuko, kuno amatiyang'ana cham'mbali. Tikayankhula Chiswahili pamsika amangoti a ku Zanzibar, ngati tonse tinatuluka m'thumba limodzi. Mayi ake a Talib anabwera kudzamwa khofi, n'kundifunsa kuti, "Nanga kwanu kwenikweni ndi kuti? Makolo anu anali ndani?"

Ndinati, "Ndife a Mvita. Makolo athu analipo linga la Apwitikizi lija lisanamangidwe."

Anati, "Mvita? Pamapu sindinaionepo. Mombasa ndiye timaidziwa, agogo athu ndi amene anatulutsa Apwitikizi m'lingamo."

Magazi anandiwira, mlongo wanga. Ndinawauza za chitseko chathu, kuti munthu wokwera bulu akhoza kulowa osaweramitsa mutu, ndi kuti unyolo wosemedwa pamphuthu unasemedwa agogo a agogo athu ali moyo. Iwo anangomwetulira n'kunena kuti zitseko zikuluzikulu zonse za ku Mombasa zinali za anthu a kwawo. N'chifukwa chake ndikufuna miyeso ndi chithunzi, ndiwatseke pakamwa.

Ndipo si zokhazo. Malume ake a Talib, a Nasoro, akubwera kumeneko mu Julayi pa za malonda awo, ndipo adzafika kunyumba kudzaona ndi maso. Zimene adzanene pobwerera ndi zimene zidzamange kapena kumasula ukwatiwu. Upake mafuta chitsekocho, misomali iwale. Amayi uwauze agwire lilime tsiku limenelo lokha.

Positi ikuchedwa, ndiye kalatayi ndapatsira Fumo, mwana wa Bi Rukiya, amene akunyamuka Loweruka. Ndaimata kawiri.

Mlongo wako,
Mwanasiti

Mombasa, 31 Meyi 1984

Okondedwa achemwali,

Moni wa mtendere. Mawa kapena mkuja mwezi ukaoneka tiyamba kusala. Mulungu atilandire tonse.

Chilembereni kalata yanga ya pa 9 Epulo sindinalandire yankho. Ndimapita ku positi Lolemba ndi Lachinayi. Mwina mwatanganidwa.

Koma ngakhale inu simunayankhe, kunabwera munthu. Pa 24 Meyi galimoto ya kampani yotumiza katundu pazombo inaima pakona, poti msewu wathu sulowa galimoto. Munatuluka bambo wina wa tepi m'manja ndi kapepala kolembedwa dzina la alamu a Hamud. Ine ndinali kuntchito. Amayi anamupeza atakwera pakhonde la Bi Rukiya, akuyeza pamwamba pa chitseko chathu.

Anamufunsa kuti, "Bambo, mwataya chiyani kumwambako?"

Iye anati, "Andituma a Hamud a ku Maskati, mayi. Ndingoyeza basi."

"Ntchito yanu ndi yotani?"

"Timapanga mabokosi otumizira katundu kunja."

Amayi akuti sanamutukwane. Bi Rukiya akuti anamutukwana mpaka agogo ake. Chimene onse awiri akugwirizana n'choti bamboyo anaiwala pensulo yake, ndipo ndaisunga.

Achemwali, nyumbayi ndi yanunso, sindikukana. Ngati alamu akufuna kukongoletsa nyumba yawo yatsopano, akanatiuza maso ndi maso, ife n'kukana maso ndi maso, chibale n'kupitirira. Koma kutumiza wa mabokosi kwa mayi wokalamba mwana wake kulibe, zimenezo zandipweteka.

Tachita zimene tinaona kuti n'zoyenera. Chitseko chili pabwino. Sindilemba zambiri, poti kalata imadutsa m'manja ambiri.

Mlongo wanu,
Mwidani Kombo

Maskati, 18 Juni 1984

Mwidani,

Moni kwa amayi okha.

"Chitseko chili pabwino." Pabwino pake ndi pati? M'sitolo mwa Kassamali? Bi Rukiya walembera mchemwali wake kuno, ndipo nkhani yafika kwa ine isanazizire. Akuti pakhomo pa bambo athu pali malata. Malata, Mwidani, ngati khola la nkhuku! Akuti anakuona ukumwa khofi ndi Kassamali pafupi ndi linga, mukuseka. Akutinso uli ndi nsapato zatsopano zachikopa, iwe amene unkasoketsa patapata mpaka wosoka anakukana.

Inde, bambo a Zuwena anatuma mnzawo wa ku kampani ya zombo kuti akayeze, poti iwe tepi yako inali pa tchuthi. Cholakwika n'chiyani pamenepo? Zonse ndinakulembera m'kalata imene ndinapatsira Fumo. Unawerenga, ukudziwa amene akubwera mu Julayi ndi chimene akubwerera, ndipo unathamangira kugulitsa asanafike. Ndinkadziwa kuti ndiwe wozengereza. Sindinkadziwa kuti ukafuna ndalama umathamanga.

Zuwena sindinamuuze. Akusoka, akuimba m'khitchini. Ndimuuza bwanji kuti malume ake amugulitsa pamtengo wa nsapato?

Tili m'mwezi wosala, ndiye mawu ena ndawameza. Upite kwa Kassamali, umubwezere ndalama zake, chitseko chibwerere pamalo pake Julayi asanafike pakati. Akadzapeza malata, ine ndi iwe tidzaonana pamaliro pokha.

Mwanasiti

Mvita, 3 Julayi 1984

(Achemwali, mawu ndi a amayi, dzanja ndi langa. Dzina lapamwambalo alamula ndi iwo. Kuseri kwa envelopu ndalemba Mombasa.)

Mwanasiti mwana wanga,

Idi, chikondwerero chomaliza kusala, tadya bwino. Moni wako wa ine ndekha ndaulandira, ndipo ndamugawirako mlongo wako.

Nsapato ndinamugulira ndine, za Idi. Khofi anamwadi, chifukwa kukana munthu kachitatu kumafuna khofi. Fumo sanafike kuno. Mayi ake akuti anatsikira ku Dubai kukaona mnzake. Kalata ya zoona munthu amapatsira Fumo? Mwana amene ndinkamutuma mchere n'kubwera ndi mphaka?

Ukuti mu Julayi kukubwera munthu wa ku Maskati, ndipo tikudziwa chimene akubwerera. Tikudziwadi. Iwe unachoka uli mtsikana, mwina unaiwala, ndiye ndikukumbutse.

Mudzi uno unali ndi mizikiti ndi zombo zake Mzungu asanadziwe njira yobwerera kuno. Apwitikizi anauwotcha katatu, kenaka anamanga linga lija pamwamba pa doko kuti azitiyang'anira. Makolo athu atatopa anatuma akuluakulu ku Maskati komwe uliko kuti, abale athu m'chipembedzo, dzatithandizeni. Anabweradi. Anazinga linga pafupifupi zaka zitatu mpaka a m'katimo anatha ndi njala ndi nthenda. Tinaimba, tinavina. Kutacha tinapeza otithandiza aja alowa m'lingamo, atseka chitseko. Anakhalamo zaka zoposa zana. Kenaka anayambana okhaokha ndi abale awo olamulira ku Zanzibar, ndipo akuluakulu a m'linga anaitanidwa mmodzimmodzi kuti adzakambirane mwamtendere. Anakwezedwa chombo, sanabwerenso. Angerezi atafika analisandutsa ndende. Lero alendo amalipira pakhomo kuti akajambulitse atakhalira mizinga.

Aliyense wa amenewa anafika mwaulemu, ndipo aliyense anayamba ndi kuyeza.

Iwo ankati Mombasa, ife m'nyumba tinkati Mvita. Ena amati dzinali limatanthauza nkhondo, ena amati ndi la shehe amene manda ake ali kumtunda kuja. Ine ndimati onse akunena zoona. Ukalifuna pamapu a dziko sulipeza, koma pa tsiku la chaka chatsopano cha makolo, ng'ombe ya nsembe ikamazungulira mudzi, ndi dzina limenelo limaitanidwa pakhomo pathu.

Linga anatenga, doko anatenga, iwenso anakutenga. Chitseko ayi. Sichinagulitsidwe. Wa ku Maskatiyo abwere ndi amuna amphamvu, chifukwa adzanyamula ndi ine ndemwe.

Mayi ako,
Shumi binti Matano

TELEGALAMU. Maskati, 21 Julayi 1984.
A NASORO AFIKA PA 25. AONETSENI CHITSEKO. MUSAWAKANIZE CHILICHONSE. MWANASITI.

Mombasa, 29 Julayi 1984

Okondedwa achemwali,

Moni wa mtendere kwa inu, kwa alamu ndi kwa Zuwena. Khalani pansi, ndilemba zonse mwa ndondomeko yake.

Telegalamu yanu inafika pa 23. Amayi atamva mawu oti musawakanize chilichonse anati, "Wamva? Tsopano akutiuza kuti tiwathandize kunyamula."

A Nasoro anafika pa 25 m'mawa, tsiku lomwelo la chaka chatsopano cha makolo. Ndi bambo wachikulire, wa mkanjo woyera ndi ndodo ya mutu wasiliva. Anaima mumsewu nthawi yaitali akuyang'ana malata. Ndinawalowetsa, ndinawapatsa khofi ndi haluwa wotsekemera uja. Amayi anali m'chipinda chawo, kuseri kwa katani.

Titatha malonje anati, "Ndamva zambiri za chitseko cha nyumba ino."

Amayi anayankha ali kuseri komweko kuti, "Mwabwera ndi amuna angati?"

"Ndili ndekha, mayi."

"Ndiye simuchitha. N'cholemera."

A Nasoro anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kapu yanga. Anafunsanso kuti chitsekocho chili kuti, ndipo ndinati chili pabwino. Anaika kapu pansi khofi asanamalize. Anati, "Kwathu munthu akanena za chinthu chimene ali nacho, amachionetsa. Ndaona zokwanira." Anaimirira. Panthawiyo, achemwali, ndinasangalala kuti tapambana.

Koma sanathe kutuluka, chifukwa msewu unali utadzaza. Ng'ombe yakuda ija inali itachoka kumanda a shehe, ikuzungulira mudzi, akuluakulu ali patsogolo ndi mapemphero, ana a madarasa ali pambuyo. Munaziona muli mwana, mukudziwa. Inadutsa nyumba za magalasi, inadutsa zitseko ziwiri zosema zija, inadzaima pa malata athu. Mtsogoleri anagogoda malatawo ndi ndodo, phokoso lake ngati mvula ya matalala, n'kuitana monga mwa chaka chilichonse kuti, "Eni Mvita alimo?"

Amayi anatuluka ndi miyendo yawo yotupayo, chofukizira lubani chili m'manja, anadutsa a Nasoro ngati sakuwaona. Anati, "Tilimo. Sitinachoke." Anafukiza ng'ombe kumutu ndi kumsana, anthu anati amina, ulendo unapitirira.

A Nasoro anandigwira mkono. "Amaima pakhomo lililonse?"

Ndinati ayi, amaima pa makomo a mabanja akale a mudzi uno okha.

Atamva zimenezo sanapitenso ku hotela. Anatsatira gulu mpaka kugombe, kumene ng'ombe inaphedwa n'kuphikidwa m'miphika ikuluikulu. Anakhala pamkeka pakati pa asodzi, anadya nyama ndi mkate. Amayi anali chapafupi ndi amayi anzawo, diso lili pa iwo. Kenaka ndinaona a Nasoro akutulutsa kampango, akukulungamo kachidutswa ka nyama, akufuna kuika m'thumba.

Amayi anafika pamenepo msanga kuposa mmene ndinawaonerapo akuyenda chaka chino. Anawamenya padzanja, phwa! Nyama inagwera mumchenga.

"Nyama iyi imathera pano," anatero amayi. "Zotsala ndi mafupa zimapita m'nyanja pamodzi ndi matsoka a chaka chatha. Mukufuna kunyamula matsoka athu? Za Mvita sizituluka mu Mvita!"

Ndinafuna nthaka indimeze. A Nasoro anayang'ana dzanja lawo, kenaka anati pang'onopang'ono, "Mayi anga anabadwira kuseri kwa linga lija. Ali ndi zaka zambiri, sakuonanso. Chaka chilichonse amandiuza za nyama imeneyi. Ndimafuna akainunkhize chabe." Anapukuta zala. "Koma ngati za Mvita sizituluka, mwana wanu anatuluka bwanji? Nanga mdzukulu wanu, amene ndadzera kuno?"

Amayi anati, "Mwadzera mdzukulu kapena chitseko?"

"Chitseko ndichitenge ndikachitani, mayi? Ndili ndi zitseko khumi ndi ziwiri, zonse zimandilowetsera fumbi. Talib, mwana wa mlongo wanga, akufuna Zuwena. Andituma ndidzaone ngati mtsikanayo ali ndi kwawo."

Amayi anandiyang'ana ine ngati ndine ndinabisa nkhaniyo. Kenaka anati, "Tiyeni kunyumba."

Achemwali, chitseko sichinatuluke m'nyumba ngakhale tsiku limodzi. Pa 26 Meyi tinachizula mbali zonse ziwiri, tinaphimba mphuthu ndi malata, tinachigoneka m'chipinda cha amayi, misomali kuyang'ana pansi. Amayi anachotsa bedi lawo n'kuyala matiresi pamwamba pake. Agonapo miyezi iwiri. Nditanyamula matiresiwo, a Nasoro anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Ndinawapatsa tepi kuti ayeze. Anakana. Anati, "Khomo limene ng'ombe inaima lija ndaliyeza kale."

Amayi sanaseke. Anati, "Mukauze a kwanu kuti mtsikanayo kwawo ndi ku Mvita, ndipo ukwati udzachitikira kuno. Adzatulukira pachitseko ichi. Mayi anunso mubwere nawo, adzadye nyama pagombe ngati anthu."

"Nanga akakana a kwathu?"

"Mudzazinge nyumba zaka zitatu. Mumadziwa kale kachitidwe kake."

A Nasoro anasekanso, n'kunena kuti ndikuuzeni muyambe kugula nsalu. Anyamuka dzulo. Amayi akuti tisakhulupirire kwambiri mpaka atabweradi, ndipo andiuza ndiwerengenso misomali ya chitseko. Yonse ilipo.

Fumo anafika pa 27, wanenepa. Kalata yanu ya pa 27 Epulo anaipeza m'thumba la jekete, ili ndi dontho la mafuta, koma yomata kawiri monga munanenera. Ndinaiwerenga mokweza. Analipo amayi, ine, ndi Bi Rukiya, amene anabwera kudzabweza sefa.

Chitseko tinachibwezera dzulo madzulo, ndipo ndachipaka mafuta. Pensulo ya mnzawo wa alamu ikadali ndi ine. Onyamula anayi maulendo awiri, mmisiri, malata ndi misomali, zonse pamodzi zakwana mashilingi 380. Ine ndalipira theka, poti theka la kukayikiranaku linali langa.

Latsala lanu: mashilingi 190.

Ndine mlongo wanu,
Mwidani Kombo